Makadi Odula pa Katoni ya Sopo

M'sutikesi ya malata imene amai anandisiyira muli mtolo wa makadi makumi awiri. Anawadula pa katoni ya sopo wochapira ndi mpeni wobuntha, n'chifukwa chake palibe awiri ofanana. Pa khadi lililonse pali liwu limodzi lolembedwa ndi dzanja la amai, zilembo zonenepa zopendekera kumanja. Mtolowo ndi womanga ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo mphirayo inauma kalekale. Ndinawatulutsa dzulo chifukwa Lolemba likudzali ndikuyamba maphunziro a uphunzitsi wa ana aang'ono, ine mayi wa ana awiri amene anzanga amandiseka kuti ndachedwa. Nditaona khadi lodontheredwa mafuta a njinga pakona, pakamwa panga panatuluka liwu loti "mbuzi" maso anga asanafike pa zilembo.

Chaka chimene amai anadula makadiwo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Ndake, ine ndi amai basi, popeza atate anali atatisiya ndili wakhanda. Sukulu yathu inamangidwa ndi makolo eni ake, zipinda ziwiri za njerwa zootcha, denga la udzu. Amai ndiwo ankaphunzitsa ana oyamba kumene. Analibe pepala la uphunzitsi. Anasankhidwa chifukwa m'mudzi monse ndiwo anapitako patali ndi sukulu, ndipo anagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi zitatu.

Buku lowerenga linali limodzi kalasi yonse. Amai ankalikweza m'mwamba, n'kuwerenga mzere umodzi, ife n'kubwereza tonse pamodzi. Tinkabwereza mokuwa mpaka mawu athu kumveka kuchitsime. Amayi otunga madzi ankagwedeza mitu mokhutira, amvekere sukulu ndi imeneyo, ana akuphunzira. Kwathu kalasi yachete inali kalasi ya mphunzitsi waulesi. Amai nawonso anaphunzitsidwa chomwecho, ndipo palibe amene anawauzapo kuti pali njira ina.

Pa ana onse, katswiri ndinali ine. Tsiku lotsekera sukulu ankandiimika pa tebulo pamaso pa makolo, ine n'kuwerenga buku lonse kuyambira pachikuto mpaka kumapeto osapunthwa. Tsamba loyamba linali ndi chithunzi cha bambo atasenza khasu, ndipo ndikangomuona bamboyo mawu ankatuluka okha: "Atate apita ku dimba. Anyamula khasu ndi chithini. Galu awatsata." Anthu ankaimba nthungululu. Ndinkatsika patebulopo mapewa ali m'mwamba, ndipo kunena zoona ndinali mwana wonyada moti anzanga ankandida.

Kenaka boma linatenga sukuluyo. Linatumiza mphunzitsi wa mapepala, bambo wa nsapato zonyezimira wochokera kumigodi. Komiti ya makolo inakhala pansi n'kuuza amai kuti kalasi ya ana aang'ono apitiriza nayo pokhapokha abweretse satifiketi. Kunali kosi ya anthu onga iwo, yochitikira ku Petauke pa nthawi ya holide. Gawo loyamba linali la masabata atatu mwezi wa Ogasiti. Womaliza bwino ankapatsidwa kalata yobwereranso gawo lachiwiri, ndipo kalata imeneyo ndi imene komiti inkafuna kuiona sukulu ikamatsegulidwa. Popanda kalatayo amai akanabwerera kumunda wa thonje.

Ananditenga chifukwa kunalibe wondisiyira. Tinatsikira ku Nyimba panjinga ya mnansi wathu, kenaka tinakwera minibasi yodzaza nthochi ndi anthu. Chimene ndikukumbukira ndi mphepo. Inali mphepo youma ya Ogasiti yonunkha tchire lopsa, yothira fumbi m'mano, yong'amba milomo. Ku Petauke tinafikira kwa malume, mlongo wa amai, amene ankakonza njinga pafupi ndi msika. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, khonde lodzaza matayala, ndipo chilichonse m'nyumbamo, ngakhale makapu, chinkanunkha girizi.

Kosiyo inkachitikira m'holo ya sukulu ina ya sekondale. Tsiku lachitatu, mphunzitsi wa kosiyo anafunsa ngati pali amene angabweretse mwana wodziwa kuwerenga kuti aonetsere chinthu. Amai anakweza dzanja msanga. Madzulo ake anandisambitsa ndi madzi ofunda, n'kundidzoza mafuta mpaka mawondo anga kuwala. Anali ndi chimwemwe chimene sindinawaonenacho chichokereni ku Ndake.

Mphunzitsiyo onse ankawatchula kuti madamu. Anali mayi wamtali wa magalasi, wochokera kumpoto, ndipo chinyanja chawo chinkamveka chibemba. Anandipatsa buku lomwe lija la kwathu. Ndinawerenga masamba atatu ngati ndikumwa madzi, anthu akuluakulu odzaza holo akumvetsera. Ena anaomba m'manja. Madamu sanaombe. Anatenga bukulo, natsegula chapakati, naphimba chithunzi ndi chikhatho chawo, naloza liwu limodzi ndi chala.

"Mwaice, mwana iwe, welenga apa."

Ndinayang'ana chikhatho chawo. Ndinayesa kusuzumira pakati pa zala kuti ndione ngati pansi pake pali ng'ombe kapena mtsikana wa mtsuko. Zilembo zinangoti ndundundu ngati nyerere zakufa. Anatsegula tsamba lina, naphimbanso. Ndinaponya liwu mongolota, ndipo kumbuyo wina anaseka. Malata a denga ankalira ndi mphepo.

"Mwana uyu alibe mlandu," anatero madamu, dzanja lawo lili paphewa panga. "Anamuphunzisa kuimba buku, osati kuwelenga. Nindani anamuphunzisa?"

Lero ndimakhulupirira kuti sankadziwa kuti wondibweretsayo ndi yemwenso anandiphunzitsa. Akanadziwa sakanafunsa pagulu. Kenaka amai anakweza dzanja, dzanja lomwe lija, koma ulendo uno linakwera pang'onopang'ono n'kulekezera pakhutu.

Pobwerera kwa malume amai sanandidikire. Ankayenda patsogolo, chitenje chikukupizika ndi mphepo, ine ndikuthamangira pambuyo. Malume atamva nkhaniyo anaseka, n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ataona nkhope ya mlongo wawo anasiya kuseka, nabwerera ku njinga imene ankakonza.

Ntchito ya gawo loyambalo inali iyi. Wophunzira aliyense anayenera kupeza mwana wosadziwa kuwerenga, kumuphunzitsa kamvekedwe ka zilembo ndi kuziphatikiza, ndiponso kupanga yekha makadi a mawu makumi awiri. Tsiku lomaliza ankabwera ndi mwanayo ndi makadi akewo, ndipo mwana akawerenga theka la makadiwo kalata inkasainidwa. Anzawo anavutika kuyendayenda m'makomboni kupempha ana a eni. Amai sanavutike. Mwana wosadziwa kuwerenga ankagona naye pamphasa imodzi.

Masiku amenewo anali oipa. M'mawa amai ankapita kukaphunzira, masana n'kubwera kudzathira mwa ine zimene aphunzirazo zisanakhazikike mwa iwo eni. Tinkakhala pakhonde la malume pakati pa matayala. Ankatseka milomo n'kung'ung'udza, kenaka n'kuyasamula, n'kundiuza kuti ndiphatikize ziwirizo. Ine sindinkaona chophatikiza. Kwa zaka zitatu kuwerenga kunali nyimbo, ndipo tsopano ankandipatsa nyimboyo itaphwanyidwa zidutswazidutswa kuti ndiitole. Mphepo inkaulutsa makadi, ine n'kumawathamangitsa mpaka kumsewu, ndipo pothamangapo ndi pokha pamene ndinkapumira.

Tsiku lina amai anandimenya. Linali khofi limodzi, la patsaya, ndipo chibadwire anali asanandimenyepo. Anayang'ana chikhatho chawo nthawi yaitali, nalowa m'nyumba. Ndinatsala ndi makadi pamiyendo, ndikulira chamumtima. Ndili mkati molira ndinaona kuti khadi la "mbuzi" lili ndi dontho la mafuta a njinga. La "nyumba" linali lopindika ngodya. La "khasu" linali ndi kabowo ka waya womangira katoni. La "madzi" linali lalitali kuposa anzake onse. Mutu wanga unagwira ntchito imene unkaidziwa bwino, ndipo pasanathe masiku atatu makadi onse makumi awiri ndinali nditawadziwa ngati mmene mbusa amadziwira mbuzi zake.

Sindinganame kuti sindinkadziwa kuti ndikuba. Ndinkadziwa. Koma ndinkafuna nkhope ya amai ibwerere mwakale, ndipo inabwereradi. Ankasakaniza makadiwo ngati njuga, n'kutulutsa limodzi mwadzidzidzi, ine n'kutchula. Ndinaphunziranso kuchita ngati ndikuvutika, kuyendetsa milomo kaye ndisanatchule. Anandigulira zitumbuwa ziwiri zotentha zokulunga m'pepala. Anayamba kuimba akamachapa. Anauza malume kuti njira ya madamu ndi yodabwitsa, mwana wagwira m'sabata imodzi, ndipo akabwerera ku Ndake ana onse aziwerenga Khirisimasi isanafike.

Chimene chinandiulula ndi manyazi a amai eni. Anaona makadi a anzawo, oyera mbee, odula mofanana, ndipo anaona kuti awo a katoni ya sopo angawachititse manyazi pamaso pa madamu. Lachinayi la sabata yomaliza anapempha malume kalendala yakale, nabwereka sizasi kwa telala woyandikana nawo. Anadula makadi atsopano makumi awiri, onse msinkhu umodzi, nalembapo mawu omwe aja. Dzuwa litapendeka anandiitana pakhonde kuti tiyesere komaliza.

Pa makadi oyerawo ndinawerenga atatu. Anali mawu aafupi, ndipo atatuwo ndinawawerengadi, chifukwa kanthu kena ka maphunziro awo kanali katalowa ine osafuna. Ena onse anali nyerere zakufa zija. Amai sanakalipe. Anatenga mtolo wakale, natulutsa khadi limodzi, ine n'kutchula. Anatulutsa lina atalizondotsa, ine n'kutchula. Kenaka anaphimba liwu lonse ndi chikhatho, kungotsala kangodya kopindika, n'kundiyang'ana.

"Nyumba," ndinatero, ndi mawu aang'ono.

Malume anali ataona zonse ali chogwada pa gudumu la njinga. Anapukuta manja ndi kansanza, nabwera pafupi.

"Mlongo wanga, mailo, siku lomaliza, tenga akalewo. Nindani azaona? Lamulo likuti makadi ako, ndipo ni ako. Utenge kalata, nchito isunge, mwana azaphunzila bwino-bwino kunyumba."

Malume sanali munthu woipa, ndipo ngakhale lero sindinganene kuti analankhula zopusa. Ankaona mlongo wawo wamasiye, munda wa thonje wosadalirika, ndi mwana wofuna kudya. Amai anamanga mtolo wakale ndi mphira, woyera ndi ulusi, naika yonse iwiri m'thumba lawo lansalu. Kenaka anati tipite kumsika tikagule tomato.

Kumsika ndi kumene tinakumana naye. Anali mtsikana wa kwathu ku Ndake amene anakwatiwira ku Petauke, mmodzi wa ana oyamba amene amai anawaphunzitsa. Nthawi yake iyeyo ndiye ankaimikidwa patebulo paja. Tsopano anali ndi khanda kumbuyo, lovala kachipewa kaubweya. Anagwada pang'ono popereka moni, nkhope ikuwala, ndipo atafunsa za kumudzi anamasula mfundo ya chitenje natulutsa khadi la kusikelo la mwanayo.

"Aphunzitsi, Mulungu wakutumani. Niwelengeleniko apa. Anilembela kuti nibwele naye liti ku jekiseni? Mwezi watha ninaphonya siku, anesi ananikalipila maningi."

Amai analandira khadilo. Anamuwerengera tsikulo kawiri kuti asaiwale. Mtsikanayo anathokoza, kenaka pofuna kuwasangalatsa aphunzitsi ake anaimirira chilili ngati ali patebulo, manja m'mbali, naimba mokweza pakati pa msika: "Atate apita ku dimba. Anyamula khasu ndi chithini. Galu awatsata." Anaseka mokoma nati onani, sanaiwale ngakhale liwu limodzi. Amai anamwetulira ndi milomo yokha. Tinabwerera kunyumba opanda tomato.

Lachisanu kunacha ndi fumbi lofiira mlengalenga. Holo inadzaza ana a eni atavala zovala za kutchalitchi. Ankaitanidwa mmodzimmodzi, wophunzira ndi mwana wake, kukaima kutsogolo patebulo la madamu. Ine mtima unali m'malo. Ndinali nditaona mtolo wakale ukulowa m'thumba, ndinamva zimene malume ananena, ndipo ndinkadziwa kuti amai akufuna kalata ija kuposa chilichonse. Ndinakonzeka kuyendetsa milomo mwaluso.

Atatiitana, amai anapisa dzanja m'thumba. Linakhalitsa mmenemo. Ndinkaona nsalu ya thumbalo ikutukuka uku ndi uku pamene zala zinkachoka pa mtolo wina kupita pa unzake. Madamu anakweza maso pamwamba pa magalasi. Dzanja linatuluka ndi makadi oyera.

Ndinawerenga atatu aja. Khadi lachinayi ndinalimbana nalo mpaka thukuta, ndikung'ung'udza ndi kuyasamula ngati mmene amai ankachitira pakhonde, ndipo mwadzidzidzi zidutswazo zinagwirana n'kukhala liwu. Linali "galu". Ndinadabwa kwambiri moti ndinaiwala kuti ndili pagulu. Koma panathera pomwepo. Makadi khumi ndi asanu ndi limodzi otsalawo anadutsa pamaso panga ine ndili duu.

Madamu anaika cholembera pansi. Anati anamva kwa ena kuti mwanayu akuwerenga onse makumi awiri, nanga chachitika n'chiyani. Amai anatulutsa mtolo wakale, nauika patebulo, nafotokoza zonse ndi mawu osakwera, za mafuta a njinga, za ngodya yopindika, za kabowo ka waya. Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Madamu anatembenuza makadiwo limodzi limodzi kwa nthawi yaitali.

"Amai, mukanabwelesa aya sembe ninasaina," anatero.

"Nidziwa," anayankha amai.

Kalata sinasainidwe. Madamu anati lamulo silawo, sangalipinde, koma amai abwere chaka chamawa adzayambirenso, ndipo malo adzawasungira. Anatiperekeza mpaka pakhomo la holo, chinthu chimene sanachitire wina aliyense. Komiti ya ku Ndake sinadikire chaka. Sukulu itatsegulidwa kalasi ya ana aang'ono inapatsidwa kwa bambo wa nsapato uja, ndipo Januwale boma linatumiza mphunzitsi wina. Ogasiti wotsatira amai anali m'munda akuzula mapesi a thonje. Sanabwererenso ku Petauke kukaphunzira, ndipo sanaimenso kutsogolo kwa kalasi mpaka tsiku limene tinawaika.

Ine ndinadziwa kuwerenga dzinja la chaka chomwecho. Amai ankandiphunzitsa akaweruka kumunda, titakhala pansi pa nkhokwe mvula ikugwa, ndi makadi oyera aja mpaka anatha kung'ambika. Sanafulumire, ndipo sanandimenyenso. Akale aja anawatsekera m'sutikesi, ndipo sitinawatchulenso.

Koma ulendo wobwerera kuchokera ku Petauke ndimaukumbukira kuposa zonsezi. M'minibasi ndinakhala pamiyendo pawo, nkhope nditalozetsa kuwindo, ndipo kuchokera ku Petauke mpaka ku Nyimba sindinawayankhe ngakhale liwu limodzi. Anandigulira nthochi, ine n'kukana. Ndinkawada. Ndinkati mumtima, mayi wanji amene amachititsa mwana wake manyazi kawiri m'holo imodzi, pamene makadi ondipulumutsa anali m'thumba momwemo? Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti anasankha oyera aja pofuna kundilanga chifukwa ndinawanamiza, ndipo ndinakhulupirira zimenezo zaka zambiri.

Sindinkadziwa kuti mtolo wa katoni ya sopo uja sunali wopulumutsa ine. Ine ndikanangotsika patebulo lina mapewa ali m'mwamba. Unali ntchito yawo, zaka zisanu ndi zitatu zapita ndi zina zonse zam'tsogolo, ndipo anaigwira ndi zala m'thumba muja n'kuisiya. Pamene ine ndinkafufuma ndi mkwiyo pamiyendo pawo, iwo anali atandikumbatira m'chiuno kuti ndisagwe pamabampu, ndipo anali atasankha kale kubwerera kuthonje kusiyana n'kuti tsiku lina ndidzaime pamsika ndi khanda kumbuyo, ndikufunafuna wondiwerengera tsiku la jekiseni.